Mawu a Mayi Semba Anathera M'makutu Mwawo

Loweruka, pa 11 Juni 2016, m'nyumba yojambulira nyimbo kuseri kwa sitolo ina ya nsalu ku Limbe, Mayi Vailet Semba anawayimbitsa tsiku lathunthu pa maikolofoni imene sinkajambula kanthu. Anawaveka mahedifoni kuti azidzimva, anawatsekera chitseko mwaulemu, ndipo atamaliza anawaombera m'manja. Mawu awo analowa m'chingwe, nakhota, nabwerera m'makutu mwawo momwe. Mu kompyuta simunatsale ngakhale mpweya wawo. Sizinachitike mwangozi. Panali wolamula, panali wochita, panalinso wina amene anangoyang'ana pansi. Mayiwo ankaganiza kuti akusungitsa mawu awo pamalo abwino, chifukwa dokotala anali atawauza kale kuti mpeni ukadzadutsa pakhosi pawo, mwina sadzayimbanso.

Amene sawadziwa mayiwa auzidwe kaye kuti ndi ndani, pakuti mumzinda muno munthu akakalamba amayesedwa ngati anabadwa ali nkhalamba.

Anabadwira ku Nsanje m'chaka cha 1953. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Shire, kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Mayi awo, a Dailesi, ankakonda kusimba za tsiku lowoloka: kuti anafika pagombe ali ndi mwana kumsana, bwato lili tsidya lino, mwini bwato atakhala pansi pa mtengo ngati sakuwaona. Anayamba kuitana. Anaitana mpaka mawu anasanduka kulira, kulirako nkusanduka chinthu china chimene munthu wa bwato uja sanathe kuchipirira. Patapita zaka, a Dailesi anatenga kuitana kuja nakuika m'nyimbo ya kutchalitchi, ya m'Chisena, yomuitana Yesu kuti abweretse bwato. Nyimboyo siili m'buku lililonse. Woyambitsa amaitana yekha, gulu limayankha, ndipo kutalika kwa kuitanako palibe anakuyezapo. Kumatalika malinga ndi mmene woyimbayo akuuonera mtsinje tsiku limenelo. Vailet anaiphunzira akupalira mapira kumbuyo kwa mayi ake, ndipo mwa ana onse a a Dailesi, ndi iye yekha amene anaisunga.

Anabwera ku Blantyre mu 1974, atamaliza folomu yachiwiri, napeza ntchito yolumikiza matelefoni pa kampani ina yotumiza katundu pakati pa tauni. Achinyamata a lero sangaidziwe ntchito imeneyi. Munthu ankakhala kutsogolo kwa bolodi lodzaza zibowo, m'manja muli zingwe. Foni ikalira, mawu alowa pabowo limodzi, ndipo iwe uyenera kuwapatsa potulukira: tenga chingwe, lowetsa pabowo la amene akufunidwa. Ukapanda kutero, woimbayo azingoyankhula yekha mumdima. Panalinso bowo lina kumunsi, limene silinkapita kwa aliyense. Bwana akati munthu wakutiwakuti sindikumufuna, Vailet ankanena mokoma kuti dikirani pang'ono, nkumulowetsa m'bowo limenelo mpaka atatopa yekha. Anachita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo anaphunzirapo chinthu chimodzi: wa pabolodi saika munthu m'bowo lakufa mwa kufuna kwake. Nthawi zonse pamakhala womutuma.

Mu 2002 kampani inagula makina oyankha okha. Anawaitana mu ofesi, anawathokoza m'Chingelezi, nawapatsa wotchi yapakhoma, ngati kuti munthu wochotsedwa ntchito amasowa chomuuza nthawi. Patapita zaka zitatu amuna awo, a Kingstone, amene ankayendetsa malole, anamwalira. Anatsala m'nyumba yawo ya ku Soche ndi mwana wawo Hilda, mphunzitsi wa kupulayimale. Chimene sichinawachoke ndi kwaya. Analowamo mu 1978, tchalitchi chawo chikadali chofolera ndi malata akale, ndipo nyimbo ya bwato anaiphunzitsa iwo ku mibadwo itatu ya oyimba. Pa maliro onse a anthu a kuchigwa okhala ku Soche, Chilobwe ndi Zingwangwa, bokosi silinkanyamuka Mayi Semba asanaitane bwato. Anzawo a m'kwaya ankawaseka kuti Asena inu, ngakhale kumwamba mukufuna kukafika pa ngalawa, ndipo iwo ankayankha kuti a ku Thyolo adzapita wapansi, adzatipeza titasamba kale.

Kenaka kunabwera a Peterson Fombe. Bamboyu amagwira ntchito pa ofesi ina ya inshuwalansi ku Sunnyside, amakhala ku Nyambadwe, koma amapempherabe ku Soche chifukwa kumeneko ndi kumene galimoto yawo imaoneka yaikulu. Sayimba. Anasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya kwaya chifukwa ankadziwa kuyankhula za mapulani, ndipo pulani yawo yaikulu inali yakuti kwaya itulutse chimbale chomveka pa wailesi ndi m'maminibasi. Limenelo silinali tchimo. Nyimbo ya bwato inayenera kukhalamo, pakuti ndi imene inkaisiyanitsa kwayayo ndi makwaya ena onse a mumzinda. Vuto la a Fombe linali woyambitsa. Kumbali ankanena kuti mawu a mayiwa anayamba kunjenjemera, ndi a pamaliro, ndipo wa minibasi akawamva asintha nyimbo. Pamaso pawo ankawatchula kuti mzati wathu.

Nthawi imeneyo chithokomiro chinali chitakula pakhosi pa Mayi Semba. Ankachibisa ndi mpango, koma chinayamba kuwavutitsa pomeza ndi pogona. M'mwezi wa Malichi dokotala wa kuchipatala chachikulu anati chichotsedwe msanga, ndipo anawauza mosabisa kuti mitsempha ya mawu imadutsa pomwepo, ndiye mwina angadzuke ali ndi mawu ena, kapena opanda mawu. Iwo anapempha kuti adikire mpaka kwaya itajambula. Hilda anakangana nawo mpaka kulira, koma sanasunthike. Ndipo apa pamveke bwino: nkhani imeneyi anakaiuza komiti okha, pakamwa pawo, a Fombe atakhala pampando, a Noel Alufandika ophunzitsa kwaya ali pambali pawo. Palibe anganene kuti sankadziwa.

Tsiku lojambula kunali chiperoni, phiri la Soche osaoneka. Kwaya inafika ku Limbe pa maminibasi awiri, nidutsa pakhonde pa atelala, kulowa m'kanjira konunkha makala onyowa. Mwini malowo anali Chrispine Zuze, bambo wa zaka za m'ma sate, wa ku Chikwawa, wosachotsa chipewa kumutu. Makoma ake anawamata ndi matileyi a mazira ndi zidutswa za matiresi. Panali chipinda chachikulu cha gulu, kachipinda kakang'ono ka munthu mmodzi, ndi pakati pake tebulo la kompyuta, loyang'ana konsekonse kudzera m'magalasi.

Mayi Semba anaima patebulopo nthawi yaitali. Chimene chinawakopa si kompyuta koma kabokosi kakuda kokhala ndi zibowo zisanu ndi zitatu, kamene zingwe zonse za maikolofoni zinkalowamo. Anaseka nati ili ndi bolodi lawo lomwe lija, angolichepetsa ngati mwana wa njala. Chrispine anakondwera kupeza munthu womvetsa. Anawafotokozera kuti bowo lililonse ndi polowera mawu a maikolofoni imodzi, koma kumene mawuwo apite akalowa, kaya kukasungidwa, kaya ku masipika, kaya ku mahedifoni a wakutiwakuti, zimenezo amazilumikiza mu pulogalamu, pagalasi la kompyuta. Zingwe za masiku ano, anatero, sizigwirika ndi manja. Iwo anapukusa mutu nati chingwe chosaoneka nchoopsa, chifukwa ngakhale mwini nkhani sangadziwe kumene amulowetsa. Onse anaseka, a Fombe nawonso.

A Fombe ndiwo analengeza kuti mayi athu sangapanikizike pagulu ngati nsomba za m'dengu, ayenera kukhala ndi chipinda chawochawo. Gulu linaomba m'manja. Palibe anaganiza kuti akanaima pakati pa anzawo, mawu awo akanalowa ndithu m'maikolofoni ya azimayi, ndipo palibe akanatha kuwachotsamo. Ulemu uja unali mpanda.

Ali m'kachipindako, anaona chingwe chawo chikulowa pabowo lachisanu ndi chitatu. Anakhosomola, kanyale kobiriwira kanayaka pa kabokosi, mtima wawo unakhala pansi. Kudzera pagalasi anaonanso a Fombe atawerama pakhutu la Chrispine, Chrispine atavula chipewa chija nkumakanda mutu, akuyankha, a Fombe akugwedeza chala, a Noel akuyang'ana nsapato zawo. Anaganiza kuti akukambirana za chakudya chamasana.

Ndiye anayimba. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anadzimva monga mmene ena ankawamvera, mawu ali pafupi, odzaza mutu wonse, ngati munthu wina waima m'kati mwawo. Anamva mawu a mayi awo mmenemo, ndipo anachita mantha pang'ono. Gulu silinkawamva. A Noel okha ndiwo anavala mahedifoni ena, ndipo mayiwo akatsitsa mawu, dzanja la a Noel linkagwa, gulu nkuyankha. Anabwereza nyimboyo kangapo. Ulendo womaliza, pa ndime yachitatu, pamene woitana waona kuti mwini bwato waimirira koma sanagwire nkhafi, Mayi Semba anakoka kuitana kuja motalika kuposa mmene anachitirapo, khosi likuwawa, maso atatseka, mpaka dzanja la a Noel linatopa m'mwamba likudikira. Gulu litalowa, ena mwa azimayi, amene ankawaona pagalasi, ankalira.

Atatuluka anapempha kuti amveko pang'ono chabe. A Fombe anati nthawi yatha, magetsi angathime, nyimbo zina zikadalipo, ndipo chakudya sachilawa chili pamoto. Chrispine sanatembenuke. Mayiwo anamugwira paphewa, namuthokoza m'Chisena nati, "Takhuta, mwananga. Uwasunge bwino, ndilibe ena."

Anawachita opaleshoni mu Ogasiti. Chotupa chinachoka, moyo unatsala, koma mawu sanabwerere. Anatsala ndi kanong'onong'o kokha, kamene munthu amakamva ataika khutu pafupi. Kwaya inabwera kudzawaona ndi shuga ndi sopo, ndipo a Fombe anapemphera mokweza mpaka agalu a oyandikana nawo anauwa. Mayiwo sanadandaule kwambiri. Ankauza Hilda kuti munthu amene wakolola kale sada nkhawa munda ukakokoloka.

Chimbale chinatuluka mu Disembala. Anachikhazikitsa Lamulungu mapemphero atatha, muholo ya tchalitchi, ndipo Mayi Semba anawakhazika kutsogolo pampando wa khushoni, atavala chitenje chatsopano. Nyimbo ya bwato inali yachitatu. Itayamba, mawu amene anatuluka m'masipika anali a Vanessa, mtsikana wa m'kwaya momwemo, wa mawu oyera ngati madzi a pampopi. Ankayimba bwino, zimenezo zisabisike. Koma ankayimba m'mipata imene anaisiya munthu wina. Pa ndime yachitatu mpweya unamuthera pakati, ndipo panatsala kachetechete wautali, gulu lisanayankhe. Anthu muholo anayang'anana, kuganiza kuti chimbale chadumpha. Mayi Semba okha ndiwo anadziwa kuti m'kachetechete mmenemo ndi mmene iwo anali.

A Fombe anabwera msanga, nagwada pa bondo limodzi kuti anthu aone. Anati akhala akusowa poyambira. Magetsi anathima Chrispine akukonza nyimbo, kompyuta inadya mawu a mayi, ndipo posafuna kuwavutitsa ali m'chipatala, anangopempha mwanayu kuti apulumutse nyimbo. Makina awa, mayi, alibe chisoni. Vanessa anabwera pambuyo pake akulira zenizeni, nati anamuitana mu Seputembala nkumuuza zomwezo, ndipo anakana kawiri asanavomere. Mayiwo anamusisita kumutu. Sanathe kunena kanthu komveka m'phokoso limenelo.

Anakhala nayo nkhaniyo Khirisimasi yonse. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Pa bolodi lawo lakale, magetsi akathima ankaduka onse, bwana ndi mesenjala yemwe. Magetsi ake ati amene amalowa m'nyumba ya anthu makumi atatu nkusankha mmodzi? Sanamuuze Hilda. Tsiku lina m'Januwale, mvula ikugwa, Hilda atapita kusukulu, anatenga ambulera nakwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anawafunsa kotsikira, iwo ananong'ona, iye anafunsanso, nati masteni, wailesi yanu yatha mabatire kodi? Anthu anaseka. Iwo anangoloza ndi chala kutsogolo.

Anamupeza Chrispine ali yekha, akudya chimanga chootcha. Atawaona anaimirira, chimanga chili m'manja, osadziwa pochiika. Anawapatsa mpando, ndipo kuti awamve anachita kugwada pambali pawo. Iwo anati sanabwere ndi mlandu. Akungofuna kumva zimene zinatsalako, ngakhale zowonongeka, ngakhale kachidutswa kokhala ngati kulira kwa chitseko. Chrispine anayamba kubwereza za magetsi. Iwo anamudula. Anati awaonetse bolodi la mkati lija, limene ankalinena tsiku lija.

Akanatha kukana. Akanatha kunena kuti zonse anafufuta. Pa ichi chokha ayenera kuyamikiridwa: anatsegula.

Pagalasi panaoneka mizere yopingasa, uliwonse uli ndi dzina lake. Mzere wa azimayi a mawu okwera unali ndi timapiri tobiriwira, wa mabesi chimodzimodzi, wa Vanessa nawonso. Mzere wolembedwa kuti MAYI unalipo, koma unali mbee, ngati msewu wosadutsa munthu. Kenaka anatsegula tsamba lina lokhala ndi timabokosi ngati bawo. Kumanzere kunali zibowo zolowera, pamwamba kunali kopita. Pamene bowo lalumikizidwa ndi kopita kwake, m'kabokosimo munali kadontho. Sanafunikire kuwafotokozera zambiri. Mayiwo anatsata ndi chala bowo lachisanu ndi chitatu. Linali ndi kadontho kopita ku mahedifoni awo. Linali ndi kadontho kopita ku mahedifoni a a Noel. Kabokosi kopita kosungira kanali kopanda kanthu.

Chala chawo chinakhala pamenepo.

"Apa sipanaduke," ananong'ona. "Sipanalumikizidwe."

Chrispine anavula chipewa.

"Sindikufunsa iwe, mwananga. Ntchito imeneyi ndinaigwira usanabadwe. Anakutuma ndani?"

Ndiye ananena zonse. Anati a Fombe anamuuza m'mawa womwewo kuti mayiwa angokhala otsogolera gulu, woyimba weniweni adzabwera tsiku lina. Iye anayankha kuti palibe vuto, awajambulabe nkuwasunga pambali, malo ndi ambiri, sizimuvuta chilichonse, kadontho kamodzi basi, ndipo pambuyo pake komiti idzasankha yokha. A Fombe anakana. Anati mawuwo akakhalapo, azimayi a m'kwaya adzafuna kuwamva, akulu a mpingo adzafuna kuyerekeza, ndipo kwaya idzagawanika. Chinthu chimene kulibe sichikanganitsa anthu. Anaima kumbuyo kwake mpaka anaona kadonthoko katachotsedwa. A Noel anamva zonse ndipo sanatsegule pakamwa. Za opaleshoni, Chrispine analumbira kuti anazimva mochedwa, Vanessa atabwera. Anati makwaya ndiwo amamudyetsa, ndipo wapampando mmodzi akakuda, onse a m'tauni muno amamva tsiku lomwelo.

Mayiwo sanamukalipire. Anali atanenapo okha kuti dikirani pang'ono kwa anthu ambirimbiri, ndipo ankadziwa kulemera kwa chingwe m'manja mwa wotumidwa.

Chrispine anati alowe m'kachipinda muja, awajambule pompo. Mwina china chake chituluka. Analumikiza iwo akuona, bowo loyamba, kadontho kopita kosungira, kanyale kofiira kakuyaka, nawauza kuti ayang'ane okha kuti pasakhale chinyengo. Analowa. Anavala mahedifoni aja. Anakoka mpweya monga ankachitira kuyambira ali mtsikana, natsegula pakamwa kuti aitane bwato. Pagalasi mzere unangogwedera pang'ono, ngati njira ya nyerere pamchenga. Atawabwezera kuti amve, munali mpweya ndi mvula ya padenga. Anamuuza kuti afufute.

Asananyamuke anapempha chinthu china. Anati aike nyimbo ija, koma amutontholetse Vanessa, gulu lokha litsale. Chrispine anadina kamodzi. M'masipika munali zii. Ndiye mwadzidzidzi anthu makumi atatu anayankha munthu amene kulibe. Zii kachiwiri, nkuyankhanso. Mayi Semba anakhala tsonga, milomo ikuyenda, akuyeza mipata ija ndi chifuwa chawo, ndipo mpata uliwonse unkawakwana ndendende. Pa ndime yachitatu kachetechete anatalika, natalikabe, mpaka Chrispine anayang'ana kumbali. Anawaikira zimenezo pa kakhadi ka mufoni, iwo anakamanga pa nsonga ya chitenje. Ndizo zokha zimene zinatsala za mawu a mwana wa a Dailesi: kutalika kwa mpweya wake.

Anapempha kuonana ndi komiti. Anawauza kuti abwere mwezi wamawa, kenaka mwezi winawo. Tsiku limene anawalola kulowa, anaimirira nayamba kunong'ona, ndipo a Fombe, atakhala kumapeto kwa tebulo lalitali, anati pepani mayi, sitikukumvani, mwina mutilembere. Hilda anafuna kuwayankhulira, koma anamuuza kuti si membala. A Noel anakumana nawo panja, nayamba kunena kuti mayi, mukudziwa mmene zinthu zimakhalira, osamaliza. Mpaka lero sanamalize.

Chimbale chija chinamveka m'maminibasi miyezi ingapo, kenaka chinasowa ngati zina zonse. A Fombe tsopano ndi mkulu wa mpingo. Vanessa ndiye amayambitsa nyimbo ya bwato pa maliro, ndipo amaiyimba monga ili pa chimbale, yaifupi, yoyezedwa, pakuti palibenso womuonetsa mmene mtsinje umatalikira. Anapitako kunyumba kwa mayiwo kangapo kuti amuphunzitse, koma nyimbo imeneyo siphunzitsika ndi manja. Mayi Semba amapitabe kutchalitchi Lamulungu lililonse. Anachoka pa mabenchi a kwaya, amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Masana ena Hilda akaweruka amawapeza pakhonde, foni ili pakhutu, akumvera anthu akuyankha.

Ena amati nkhaniyi ndi yakale, isiyidwe, mpingo usagawanike. Ndi mawu omwe aja amene anachotsa kadontho. Mlandu suola. Palibe akunena kuti a Fombe analibe ufulu wokonda mawu a mtsikana kuposa a nkhalamba. Akanawauza mayiwo pamaso, akanalira, kenaka akanapita kwina kulikonse, ngakhale kwa mwana wojambula ndi foni, nasungitsa nyimbo ya mayi awo isanawachoke. Akanalola Chrispine kuwasunga pambali, bwenzi lero zidzukulu za a Dailesi zili ndi pomvera. Anali ndi njira ziwiri zosapweteka munthu, ndipo anasankha yachitatu, akudziwa za mpeni, akudziwa kuti mayiwo anazengereza kuchipatala miyezi isanu chifukwa cha tsiku limenelo.

A Peterson Fombe, mayi aja simunawamve chifukwa mawu alibe. Funso lawo nali, lalembedwa monga munapempha. Munadziwa kuti akuyimba komaliza. N'chifukwa chiyani munalamula kuti asajambulidwe n'komwe? Musatumize a Noel, musanamizire magetsi. Muimirire Lamulungu kutsogolo kwa mpingo, pa maikolofoni yolumikizidwa, muyankhe. Iwo ali pa benchi yakumbuyo, ndipo makutu awo ndi abwinobwino.